Memore ya makina a magemu a m'manja amene akubwera: muziyang'ana chiyani musanatulutse ndalama

Mphekesera za makina atsopano a magemu a m'manja sizitha. Mu Novembala 2024 atolankhani a Bloomberg analemba kuti Sony yayamba kukonza makina onyamula m'manja oti azisewera magemu a PlayStation 5 paokha, mosiyana ndi PlayStation Portal ya 2023 imene imadalira intaneti kuti ikuonetseni gemu. A Valve, amene amapanga makina a m'manja a Steam Deck, nawo anena kangapo kuti Steam Deck yachiwiri adzaitulutsa pokhapokha atapeza purosesa yamphamvu kwambiri kuposa yapanoyi koma yosameza batire. Anthu akhala akulosera chilichonse, ndipo ikafika nkhani ya memore yosungiramo magemu mkangano umathera pa nambala ziwiri: ma GB angati, liwiro lotani.

Nambala ziwirizi n'zimene kampani idzalembe pa katoni. Chimene chidzakudyereni ndalama pakatha chaka ndi china: memoreyo ikadzaza kapena ikafa, mudzatha kuisintha kapena kuwonjezera? Nanga chowonjezeracho mudzagula kwa aliyense, kapena kwa mwini makina yekha?

Zakale zikutiphunzitsa kuti yankho limabisala m'timizere ting'onoting'ono. Mu Julaye 2021, Valve italengeza Steam Deck, anthu anakangana kwambiri ngati memore yake inali yowotcherera pa bolodi. Kenako pa tsamba la kampaniyo panaoneka chiganizo chimodzi chonena kuti mitundu yonse ili ndi memore yozuka ya pa kabolodi kotchedwa M.2 2230, ngakhale sanaikonze kuti wogula azisintha yekha. Chiganizo chimenecho chinasintha maganizo a anthu ambiri pa mtundu woti agule. Mu Febuluwale 2024 Samsung inalengeza khadi ya memore yothamanga kwambiri ya microSD Express ya 256GB n'kutchula kuti yagwira ntchitoyo limodzi ndi kasitomala wina amene sinamutchule dzina. Ambiri analoza Nintendo. Switch 2 ya Nintendoyo itatuluka pa 5 Juni 2025, inapezekadi kuti imasunga magemu pa makhadi a Express okha.

Muyeso wake

Pansipa pali njira 6 zoikira memore m'makina otere, ndipo iliyonse ndiiyeza pa zinthu 4. Mtengo, kutanthauza wa tsiku logula komanso wa tsiku limene mudzafune malo ena. Kupezeka, makamaka kwa ife amene zinthuzi timachita kuitanitsa kapena kutuma wachibale wochokera ku Johannesburg kapena ku London. Valve sigulitsa Steam Deck mwachindunji m'dziko lililonse la mu Africa, choncho kubweza chinthu chowonongeka si nkhani yamasewera. Kasamalidwe, ndiye ntchito imene memoreyo idzakupatseni. Chomaliza ndi ngozi zake.

Musanayambe kuwerengera, dziwani kuti nambala ya pa katoni simuipeza yonse. Opanga amawerenga GB imodzi mwa mtundu wina, kompyuta imawerenga mwa mtundu winanso, moti 256GB imaoneka ngati 238, 512GB ngati 476, ndipo 1TB ngati 931. Pamenepo pulogalamu yoyendetsa makina isanatengepo gawo lake. Kumbali ina, magemu a Baldur's Gate 3 ndi Red Dead Redemption 2 pa kompyuta amafuna malo okwana 150GB iliyonse, pamene Mario Kart World pa Switch 2 imangodya ma GB opitirira 20 pang'ono. Kukula kwa memore kumene mukufunika kumadalira magemu anu, ndipo zimenezo palibe wolosera angakuuzeni.

1. eMMC

Iyi ndi memore imene inali m'mafoni ambiri akale ndipo ikadali m'mafoni otchipa. Switch ya 2017 inabwera ndi 32GB, ya sikirini ya OLED ya 2021 inabwera ndi 64GB, ndipo Steam Deck yotchipitsitsa ya 2022 inali ndi 64GB.

Mtengo: ndi yotchipa kuposa zonse, n'chifukwa chake Valve inatha kugulitsa Deck imeneyo pa madola 399 pamene ya 256GB inali pa 529 ndipo ya 512GB pa 649.

Kupezeka: simuigula payokha, imabwera ili m'kati. Masiku ano mudzakumana nayo kwambiri pa makina ogwiritsidwapo kale ntchito.

Kasamalidwe: kufufuta ndi kufufutanso. Pa Deck ya 64GB malo enieni sankafika 50GB, ndipo ngakhale muike magemu onse pa khadi, mafailo othandizira zithunzi ndi a Proton, pulogalamu yothandiza Deck kusewera magemu a Windows, ankaunjikana m'katimo mpaka kudzaza.

Ngozi: liwiro lake silidutsa 400MB pa sekondi. Kampani ikadzatulutsa makina atsopano a magemu akuluakulu ali ndi eMMC, ndiye kuti yangofuna kulemba mtengo wotsika pa chikwangwani. Sindikuyembekezera zimenezo, ndipo sinditayapo nthawi yambiri.

2. UFS yowotcherera pa bolodi

UFS ndi imene inalowa m'malo mwa eMMC m'mafoni abwino, ndipo ndi imene Nintendo inasankha: Switch 2 ili ndi 256GB ya UFS. Imathamanga kangapo kuposa eMMC, imatha kuwerenga ndi kulemba nthawi imodzi, ndipo poti inapangidwira mafoni, imadya moto wochepa ndipo sitenga malo. Kwa wopanga makina opyapyala, imeneyi ndi njira yokopa kwambiri. Ngati makina a Sony amene akunenedwawo adzakhalepodi, sindingadabwe atatsata njira yomweyi, ngakhale apa ndikungolosera ngati ena onse.

Mtengo: wabisika m'mtengo wa makina. Switch 2 inayamba kugulitsidwa pa madola 449.99 ndipo panalibe mtundu wina wokhala ndi memore yokulirapo woti musankhe.

Kupezeka: mwagula makina, mwagula memore. Basi.

Kasamalidwe: palibe chotsegula, palibe chomasula. Ntchito yanu ndi kusiya mpata pang'ono, chifukwa memore ya mtundu uliwonse ikadzaza thothotho imalemba mwaulesi ndipo imatha msanga.

Ngozi: apa ndi pamene pali nkhani. Ikafa, makina onse afa nayo. Tili nawo akatswiri okonza mafoni amene amatha kuzula kachipangizo kotere ndi mpweya wotentha n'kuikapo kena, koma pa makina a Nintendo luso la manja lokha silikwanira. Zimene zili mu memore zimatsekedwa ndi makiyi a makina omwewo. Ngakhale pa Switch yoyamba, imene eMMC yake inali pa kabolodi kozuka, simukanangotenga ka makina ena n'kulowetsa kuti kagwire. Chinanso chimene ambiri amaiwala n'chakuti Nintendo imasunga pamene mwafika mu gemu m'kati mwa makina mokha, osati pa khadi. Kuti zisungidwenso kwina muyenera kulipira Nintendo Switch Online, ndipo si magemu onse amene amalola zimenezo. Pa Steam Deck, njira yofanana nayo yotchedwa Steam Cloud ndi yaulere.

3. SSD ya NVMe yozuka

SSD ya NVMe ndi memore yothamanga kwambiri imene imakhala pa kabolodi kozuka ka M.2. Manambala a M.2 amanena kukula kwa kabolodi: 2230 ndi mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali, 2242 ndi 42 m'litali, 2280 ndi 80. Steam Deck ndi ROG Ally yoyamba ya kampani ya ASUS ya 2023 zimagwiritsa ntchito 2230, Lenovo Legion Go yoyamba inatenga 2242, pamene ROG Ally X ya 2024 inasamukira ku 2280. Mukamva mphekesera ya makina atsopano, nambala imeneyi muziifunafuna kuposa ya liwiro.

Mtengo: pa GB iliyonse, 2280 ndi imene kawirikawiri imatchipa, chifukwa ndi yomwe ili m'malaputopu ndi m'makompyuta ambiri ndipo opanga ndi ochuluka. Ya 2230 inali yosowa ndi yodula mu 2022, kenako makampani monga Western Digital, Sabrent ndi Corsair anayamba kuigulitsa kwa anthu wamba ndipo inatsika. Ubwino waukulu ndi woti mukhoza kugula makina a memore yaing'ono lero n'kudzakulitsa m'thumba mukalemera. Koma mitengo ya memore simangotsika nthawi zonse. Chakumapeto kwa 2025 inakwera chifukwa makampani a AI anayamba kugula zochuluka zedi, ndipo mu Disembala chaka chomwecho kampani yopanga memore ya Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa zinthu zake za dzina la Crucial kwa anthu wamba. Amene ankati adzagula mawa anapeza mawa lakelo lili lodula.

Kupezeka: 2280 mukhoza kuipeza m'sitolo ya makompyuta, ngakhale kuizula mu laputopu yakufa sikirini. Ya 2230 ndi 2242 nthawi zambiri ndi zoitanitsa.

Kasamalidwe: iyi ndi njira yokhayo yofuna sikuludiraiva, choncho ndikhalitsapo pang'ono. Pa Steam Deck ya sikirini ya LCD mumayamba ndi kutsitsa moto wa batire ndi kuzimitsa makina kudzera pa batani losungira batire la mu BIOS, pulogalamu yoyambira makina. Kenako mumazula khadi ya microSD. Musaiwale zimenezi: chivundikiro chakumbuyo chimagwira m'mphepete mwa polowetsa khadi, ndipo anthu ambiri athyola makhadi awo pakati pochitsegula. Kumbuyoko kuli masikuluwu 8, ena aatali ena aafupi, ndipo chivundikirocho chimagwiranso ndi timano tapulasitiki timene timafuna kutsegula modekha ndi kapulasitiki kopyapyala, osati mpeni. M'kati mumachotsa chitsulo chotchinga, n'kuzula waya wa batire, n'kumasula sikuluwu imodzi imene imagwira SSD. SSD yakaleyo imakhala itavala kachikwama konyezimira koteteza kuti isasokonezane ndi Wi-Fi. Kavuleni mosamala n'kukaveka yatsopanoyo. Mukatseka, makina amadzuka opanda kanthu, ndipo muyenera kuikamonso SteamOS, pulogalamu yoyendetsa Deck, kuchokera pa fulashi. Pa ya OLED Valve inasintha masikuluwu kukhala a Torx olowa m'chitsulo, kuti asamalale mukatsegula kangapo.

Ngozi: kutentha ndi batire. Deck ya LCD ili ndi batire ya 40Wh, ya OLED 50Wh, ndipo purosesa yake sidutsa mawati 15. M'makina othina choncho, SSD yothamanga kwambiri yopangidwira kompyuta ya pa tebulo imangowonjezera kutentha popanda phindu, chifukwa Deck imathera pa liwiro la muyeso wa PCIe 3.0. Mu 2022 wina atakwanitsa kukakamizamo ya 2242, Lawrence Yang wa ku Valve anachenjeza poyera kuti zimenezo zifupikitsa moyo wa makina, popeza zimasuntha timapadi tochotsa kutentha pafupi ndi kachipangizo kochajira. Ngozi ina ndi ya manja anu omwe: sikuluwu yolala mutu kapena waya wothothoka. Ngati simunatsegulepo laputopu, perekani kwa amene anazolowera, inu muli pomwepo.

4. microSD wamba

Khadi yomweyi imene timaika m'foni ndi mu kamera. Switch yoyamba ndi Steam Deck zonse zimawerenga pa muyeso wa UHS-I, umene sudutsa 104MB pa sekondi. Pa pepala zikuoneka zomvetsa chisoni mukayerekeza ndi ma MB masauzande a NVMe. Posewera, kusiyanako kumachepa modabwitsa. Gemu ikamatseguka, nthawi yambiri imathera pa purosesa kumasula mafailo opanikizidwa, moti pa magemu ambiri amene sanapangidwire SSD kusiyana kwake ndi masekondi owerengeka. Pamene khadi imakuonetsani ulesi wake ndi poika gemu yatsopano kapena polandira update yaikulu.

Mtengo: wotsika, ndipo mumagula pang'onopang'ono monga mmene ndalama ikupezekera.

Kupezeka: paliponse, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Kasamalidwe: yang'anani zizindikiro za liwiro U3 ndi A2, kapena A1, pa khadiyo. SteamOS imafomata khadi m'njira ya ext4, imene Windows siwerenga payokha, choncho musadabwe mukailowetsa mu laputopu n'kuona ikukupemphani kuti muifomate. Kanani, apo ayi magemu onse apita.

Ngozi: makhadi afeki. Khadi yolembedwa 512GB pa mtengo wa 32GB imakhaladi ya 32GB kapena kucheperapo, kungoti anaisintha kuti izinamiza makina. Imalandira mafailo bwinobwino, ikadzaza imayamba kulemba pamwamba pa akale mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira gemu ikukana kutseguka. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac, imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malowo alipodi. Imatenga maola, koma ichiteni tsiku logula, wogulitsa akadakukumbukirani nkhope. Ngozi yachiwiri ndi ya kapangidwe ka makina: pa ROG Ally yoyamba polowetsa khadi panali pafupi ndi potulukira mpweya wotentha, ndipo mu 2023 ASUS inavomereza kuti kutentha kukhoza kuchititsa kuti powerengera khadi pasiye kugwira bwino ntchito. Zithunzi za makina atsopano zikadzatuluka, onani pamene aika kabowo kameneka.

5. microSD Express

Kunja imafanana ndi khadi wamba. Itembenuzeni muona mzere wachiwiri wa timano tagolide, ndipo kutsogolo kwake kuli zilembo EX. M'kati imalankhula chinenero cha SSD, cha PCIe ndi NVMe, ndipo muyeso wake woyamba umafika 985MB pa sekondi. Bungwe la SD Association linaukhazikitsa mu 2019, koma unakhala zaka wopanda wougwiritsa ntchito mpaka Nintendo itabwera.

Mtengo: makhadi a 256GB a Samsung ndi SanDisk okhala ndi chizindikiro cha Nintendo anayamba pa madola 59.99, ndipo ya 1TB ya Lexar inali pafupifupi madola 200. N'zodula kwambiri kuposa khadi wamba ya kukula komweko.

Kupezeka: opanga akuchuluka, ndipo chabwino n'chakuti muyesowu si wa kampani imodzi. Komabe kwathu kuno si chinthu choti mungochipeza pa shelefu. Samalani ndi dzina: SanDisk Extreme si Express, ndipo ogulitsa ena sadziwa kusiyana kwake. Khadi wamba pa Switch 2 imangothandiza kuona zithunzi ndi mavidiyo amene munajambula pa Switch yakale.

Kasamalidwe: pa Switch 2 makina amafuna update ya pa intaneti nthawi yoyamba imene mwalowetsa khadi yotere. Kupatula apo, palibe ntchito.

Ngozi: imatentha ikamalemba kwa nthawi yaitali ndipo ikatero imadzichepetsera liwiro. Mukaiika m'chipangizo chakale imagwira, koma pa liwiro la UHS-I, ndiye kuti mwalipira zambiri pachabe. Ine ndikuona kuti pa zonse zimene zikunenedwa za makina akubwerawa, iyi ndi mphekesera yoyenera kuitsatira. Makina okhala ndi SSD yozuka m'kati komanso polowetsa Express kunja angathetse madandaulo ambiri amene ali pamwambawa.

6. Khadi ya kampani yokha

Amene anali ndi PS Vita, makina a m'manja a Sony, akudziwa. Sony inapanga khadi yakeyake imene sinkalowa kwina kulikonse, ndipo Vita yoyamba inalibe malo a m'kati oti muikemo magemu otsitsa pa intaneti.

Mtengo: itafika ku America mu 2012, ya 4GB inali madola 19.99, ya 32GB madola 99.99. Microsoft inachitanso zofanana pa Xbox Series mu 2020 ndi khadi ya Seagate ya 1TB ya madola 219.99.

Kupezeka: kumatha tsiku limene kampani yasiya kupanga. Vita inasiya kupangidwa mu 2019.

Kasamalidwe: palibe, n'chokhacho chabwino.

Ngozi: mtengo umaikidwa ndi munthu mmodzi wopanda wopikisana naye. Chilungamo chake, Sony inaoneka kuti yaphunzirapo kanthu, chifukwa PlayStation 5 imalandira SSD ya M.2 ya kampani iliyonse yokwanira muyeso. Koma mukadzamva mawu akuti khadi yapadera pa chilengezo cha makina atsopano, wonjezerani mtengo wa khadiyo pa mtengo wa makina musanayerekeze ndi ena.

Pali kanthu kenanso kokhudza makatiriji. Kale kugula gemu ya m'bokosi kunkatanthauza kuti memore yanu yapuma. Pa Switch 2 pali makhadi otchedwa game-key card, amene mulibe gemu m'kati. Ndi kiyi chabe, gemu yonse mumatsitsa pa intaneti n'kuisunga mu memore yanu. Pa bokosi amalemba, koma muyenera kuyang'ana. Cyberpunk 2077 inabwera yonse pa katiriji ya 64GB, pamene magemu ambiri a makampani ena anasankha kiyi.

Ndiye mutenge iti?

Ngati intaneti yanu ndi ya bandulo ya pa foni, kapena magetsi amakuthawani pakati pa kutsitsa, mdani wanu wamkulu ndi kufufuta gemu n'kudzaitsitsanso. Gemu ya 100GB yotsitsa kawiri ikhoza kukudyerani ndalama zokwanira kugula khadi yabwino. Inu sankhani kukula, liwiro libwere pambuyo: makina olandira microSD wamba, makhadi awiri kapena atatu oyesedwa ndi H2testw, magemu otsitsa kamodzi pamene mwapeza Wi-Fi yabwino n'kuwasunga. Pewani ma game-key card.

Ngati mumasewera magemu akuluakulu a pa kompyuta ndipo sikuludiraiva simuiopa, dikirani mpaka opanga anene poyera kuti SSD ndi yozuka ndiponso ndi ya kukula kotani. Ikakhala 2280, gulani mtundu wa memore yaing'ono n'kukulitsa nokha. Ikakhala 2230, werengerani kusiyana kwa mitengo tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zina kugula mtundu wokulirapo kwa kampani kumatchipa kuposa kuitanitsa SSD payokha n'kulipira msonkho ndi wotumiza.

Ngati makinawo ndi a ana kapena a banja lonse, UFS yowotcherera ndi khadi imodzi ya Express n'zokwanira, ndipo palibe chimene mwana angamasule. Ikani mtengo wa khadiyo mu bajeti kuyambira pachiyambi, chifukwa 256GB ya anthu atatu sichedwa kudzaza, ndipo lembetsani njira yosungira pamene afika mu gemu.

Ngati mumakonda magemu ang'onoang'ono ndi akale, musadikire makina atsopano n'komwe. Steam Deck kapena Switch yogwiritsidwapo kale, ngakhale ya eMMC, ndi khadi wamba ya 256GB zikukwanirani kwa zaka. Pogula, pemphani wogulitsa alowetse khadi inu mukuona, kuti mutsimikize kuti powerengera pake pakugwira.

Ndipo ngati muli kunja ndipo wachibale kumudzi wakutumani, tumizani makinawo khadi ili kale m'kati, update yoyamba itachitika, ndi magemu ake akuluakulu mutatsitsiratu pa intaneti yanu ya kumeneko.